Mau a Mlembi pa Msonkhano wa Pacaka: Za Mbale Wodwala Khansa



Sosaite yathu iidziwa bwino nchito ya maliro: bokosi, galimoto, ufa ndi nkhuni. Koma lero ndifuna kunena za munthu amene akali moyo. Mbale wathu wina wa pa mgodi pano anayamba kulephera kumeza nsima, pambuyo pace ndi phala lomwe. Mwezi wathawu ku cipatala anamuunika kummero, nadulako kanyama kukapima, ndipo anapeza khansa ya kummero, nthenda yofala kwambiri kwathu ku Malawi. Titamva, ena anati tisonkhe ndalama za basi kuti akafere kwao. Ine ndinapempha kuti tiyambe tamva mau a dotolo.

Ndinamperekeza ndiri ndi buku ndi pensulo, monga mabalane, pakuti munthu akamva dzina la nthenda iyi makutu ace amatseka. Mafunso amene ndinafunsa ndi atatu, ndipo inunso muwasunge. Loyamba: nthenda yafika pa siteji yanji? Madotolo amawerenga kuyambira 1 kufikira 4, ndipo pa 4 ndiye kuti yafalikira ku ziwalo zakutali. Laciwiri: cithandizo coyenera nciti, opareshoni, mankhwala a chemotherapy, kapena kuocha ndi makina a radiotherapy? Nthawi zina amaphatikiza. Lacitatu: kodi colinga cace ncakuti acire, kapena kucepetsa ululu ndi kumthandiza kumeza? Funso ili ndi lowawa, koma banja liyenera kudziwa lisanagulitse katundu.

Muno m'Zimbabwe zipatala za boma zocita radiotherapy ndi ziwiri, Parirenyatwa ku Harare ndi Mpilo ku Bulawayo. Kawiri-kawiri wodwala amapita masiku 5 pa sabata kwa masabata angapo, cotero afunika pogona, cakudya cofewa ndi womperekeza. Ngati nthenda yapitirira, kuli a Island Hospice, amene anayamba ku Harare m'caka ca 1979, othandiza odwala kuti asazunzike ndi ululu ali panyumba.

Abale anga, khansa siipatsirana. Musaope kudya naye m'mbale imodzi. Ndipo cenjerani ndi wolonjeza kuicotsa ndi mabotolo a zitsamba, cifukwa adzamdyera ndalama pamodzi ndi masabata amene sadzabweranso. Za kupita kwao kapena kukhala kuno, asankhe mwini wace atamva zonse.

Tsono pempho langa ndi ili. M'malamulo athu muli ndalama za bokosi, koma mulibe za ulendo wa ku cipatala. Ndipempha msonkhano uno ubvomereze kathumba ka odwala, ndiponso tilembe maina a amene angathe kuperekeza mosinthana. Mbale wathu ayenera kukaonekanso kwa dotolo Lolemba likudzali. Buku liri pa tebulo apa, ndipo dzina langa ndalemba kale.