Kuchotsa Ndevu ndi Ubweya ndi Makina a Laser: Zoyenera Kuyembekezera

Nkhani yathu ya lero tayitenga ku Nkhata Bay, pa doko lija pamene sitima ya Ilala imakocheza.

Tili kumeneko, tidakhala pa benchi ya wometa wina pafupi ndi msika. Mnyamata amene adali pa mpando adakana kuti lumo limufike pakhosi, popeza kunsi kwa chibwano chake kudali tiziphuphu tambirimbiri, tina totuluka mafinya. Iye adati achimwene ake a ku Joni amulonjeza ndalama zoti akachotseretu ndevuzo ndi makina otchedwa laser. Mayi wina amene ankadikira kuti mwana wake ametedwe adayankhira chapansipansi kuti nawonso tindevu timawamera, ndipo atopa ndi kuzula, atopanso ndi kusekedwa. Onse awiri adali ndi funso limodzi: kodi munthu akapita ku makinawo, akakumana ndi zotani? Funso limeneli ndilo tiyankhe lero.

Poyamba tisasokoneze mawu. Laser si lezala ayi. Lezala limadula tsitsi pamwamba pa khungu, pamene laser ndi kuwala. Kuwala kwa dzuwa kuli ndi mitundu yambiri, monga timaonera pa uta wa Leza mvula ikakata, koma kwa laser ndi kwa mtundu umodzi wokha, kwamphamvu, ndiponso kolunjika pamalo amodzi. Makina oyamba adawapanga ndi Theodore Maiman ku America m'chaka cha 1960. M'chaka cha 1983 madokotala awiri a ku Boston, Rox Anderson ndi John Parrish, adaonetsa kuti kuwala kotere kungathe kutentha kanthu kamodzi m'khungu, n'kusiya mnofu wozungulira uli bwinobwino. Kuchokera pa nzeru imeneyi, ntchito yochotsa tsitsi ndi laser idayamba m'zaka za m'ma 1990.

Nanga kuwalako kumalizindikira bwanji tsitsi? Msodzi aliyense wa ku Nkhata Bay akudziwa kuti malaya akuda amatentha msanga padzuwa kuposa oyera. Chinthu chakuda chimamwa kuwala n'kukusandutsa moto. M'tsitsi mwathu muli utoto wachilengedwe wotchedwa melanin, umene umalidetsa. Kuwala kwa laser kukafika pa utoto umenewu, tsitsi limatentha, ndipo kutenthako kumatsikira ku muzu n'kuufooketsa. N'chifukwa chake makinawa sachita kanthu pa imvi, pakuti m'menemo mulibe chakuda choti kuwala kugwire.

Tsono apa ndi pamene pagona nkhani kwa ife Amalawi. Utoto womwewo umene uli m'tsitsi ndiwonso umadetsa khungu lathu. Makina ena adapangidwa poganizira anthu a khungu loyera ndi tsitsi lakuda, ndipo akafika pa khungu lathu sasiyanitsa bwino tsitsi ndi khungu. Zotsatira zake ndi matuza, zipsera, kapena mawanga oyera ndi akuda amene amatha miyezi yambiri asanazimirire. Makina amene madokotala a khungu amawadalira kwambiri pa khungu lakuda ndi otchedwa Nd:YAG, odziwika ndi nambala yakuti 1064, chifukwa kuwala kwake kumalowa mozama osamwedwa kwambiri ndi khungu la pamwamba. Lembani dzina limeneli pa pepala. Palinso timakina ta m'manja totchedwa IPL, timene mbale wanu angakugulireni m'sitolo ku Joni. Timeneti si laser yeniyeni, ndipo opanga ake ambiri amachenjeza okha kuti si ta khungu lakuda kwambiri. Mphatso yotere muilandire ndi manja awiri, koma muwerenge malangizo ake musanaiyandikize kumaso.

Tsopano tiyeni tiutsate ulendo wonse. Tsiku loyamba ndi la mafunso. Wogwira ntchito wodziwa bwino adzayang'ana khungu lanu, adzafunsa za matenda ndi mankhwala amene mukumwa, ndipo adzayesa makinawo pa kamalo kakang'ono, n'kudikira masiku angapo kuti aone mmene khungu lachitira. Musabise kanthu. Ngati mumadzola mafuta oyeretsa khungu, nenani. Ngati bala likapola pathupi panu limasiya chipsera chotupa, nenani. Ngati pamalopo pali mphini zakuda kapena zojambula za pakhungu, aonetseni, pakuti chakuda chilichonse chimakoka kuwalako. Amayi oyembekezera amalangizidwa kudikira kufikira atachira.

Kwa milungu 4 mpaka 6 musanayambe, lekani kuzula tsitsilo, chifukwa muzu ukachoka kuwala kudzasowa chogwira. Kumeta ndi lumo n'kololedwa, ndipo mudzauzidwa kumeta dzulo lake.

Pa tsiku lenilenilo, inu ndi wogwira makina yemwe mudzavala magalasi apadera, popeza kuwalaku kungathe kuononga maso. Pakhungu adzapakapo mafuta ozizira kapena kuuzirapo mpweya wozizira. Makina akathwanima, mudzamva ngati wina wakuthyapulani ndi kalabala, ndipo mudzamvanso kafungo ka tsitsi lowauka. Ululu wopirika ndi wabwinobwino, koma mukamva ngati mwakhudza khala la moto, auzeni aleke nthawi yomweyo. Pa chibwano kapena m'khwapa ntchito imatha m'mphindi zowerengeka, pamene miyendo ingathe kutenga ola lathunthu.

Mukatuluka, pamalopo padzatupa pang'ono ndi kunyereza kwa maola angapo kapena tsiku limodzi. Kansalu konyowetsa m'madzi ozizira kamathandiza. Tsitsi silithothoka tsiku lomwelo; limayoyoka pang'onopang'ono m'milungu iwiri kapena itatu, mwakuti ena amaganiza kuti likumeranso. Pa nthawi imeneyi khungu liyenera kutetezedwa ku dzuwa, ndipo ili ndi phunzo lalikulu kwa anthu a kunyanja. Amene amakhala tsiku lonse m'bwato, kapena pa thandala poyanika usipa, aganize bwino za chipewa ndi mafuta oteteza ku dzuwa asanayambe.

Kenaka pali nkhani ya kudekha. Tsitsi la pathupi silimera lonse nthawi imodzi. Lina limakhala likukula, lina likupuma, ndipo laser imagwira lokhalo limene likukula. Motero munthu amabwerera kasanu ndi kamodzi, kasanu ndi katatu, mwinanso kuposa apo, motalikitsa milungu 4 mpaka 8. Ngakhale atamaliza maulendo onsewo, chimene amapeza ndi kuchepa kwa tsitsi. Lotsalalo limamera lopyapyala ndiponso mochedwa, ndipo ena amafunika kubwererako patapita chaka. Amene angakulonjezeni kuti ndevu zidzatheratu tsiku limodzi akufuna ndalama zanu basi. Makinawa amapezeka m'mizinda ikuluikulu, choncho munthu wa ku Nkhata Bay awerengere mtengo wa ulendo uliwonse, thiransipoti ndi malo ogona, kenaka achulukitse kasanu ndi katatu. Kuyamba n'kulekera panjira ndi kutaya ndalama m'nyanja.

Kwa amayi amene ndevu zikuwamera tili ndi mawu apadera. Ndevu za mayi si tsoka kapena chizindikiro cha nkhanza monga ena amanenera. Kwa ena ndi za kumtundu, koma kwa ena zimachokera ku kusokonekera kwa michere ya m'thupi, makamaka vuto lotchedwa PCOS, limene limasokonezanso msambo. Laser siichiza gwero limeneli. Ngati msambo ukudumphadumpha, kapena ndevu zabwera mwadzidzidzi pamodzi ndi kukula kwa mawu, yambani mwapita ku chipatala cha boma cha Nkhata Bay, ndipo kukafunika adzakutumizani ku chipatala chachikulu cha Mzuzu.

Kwa abambo a tiziphuphu ta ndevu, dziwani kuti vutoli limadza chifukwa tsitsi lathu ndi lopotana: likametedwa mompala, nsonga yake imapindika n'kubaya khungu. Laser imathandizadi pa vuto limeneli, koma yambani ndi njira zosalira ndalama. Lekani kumeta kwa mwezi umodzi kuti khungu lipole. Pambuyo pake muzimeta ndi makina ometera osiya tsitsi pang'ono, motsata kumene tsitsi laloza, ndipo lumo musabwerekane ndi munthu wina.

Pomaliza, omvera athu, amene mwatsimikiza mtima kupita, nyamulani mafunso atatu. Kodi makina anu ndi a mtundu wanji? Kodi mudaphunzira kuti ntchitoyi, ndipo pali dokotala wolembetsedwa ku bungwe la Medical Council of Malawi amene akuyang'anira? Kodi mudagwirapo kale pa khungu lakuda ngati langali? Wodziwa ntchito yake sakwiya ndi mafunso otere. Akuluakulu adati safunsa adadya phula, ndipo chipsera cha pankhope chilibe pobisala.