Nyumba ya Mulungu ndi Manja a Amisiri

Ulaliki wa pa Chiosya, m'boma la Mchinji. Mau: Eksodo 31:1-11.

Mwamva kuti pamene Mulungu anafuna chihema m'chipululu, ntchitoyo sanaipereke kwa Aroni wansembe. Anaitana mmisiri, dzina lache Bezaleli, nampatsa Mzimu wache kuti aseme mitengo ndi miyala.

Tsono ife pano tiri ndi nyumba yopemphereramo imene chiswe chadya mitanda yache, ndipo mvula ikadza timasuntha mipando monga anthu othawa linthumbu. Akulu a mpingo apangana kuti timange yina ya njerwa. Koma m'midzi mwamveka mau awiri, ndipo tiyenera kuwayankha.

Ena ati: Ife sitidziwa kumanga, tilindire a kutali. Kumbukirani tchalitchi cha ku Blantyre, cha St Michael and All Angels. Anachiyamba m'chaka cha 1888, nachipatula mu 1891. Mbusa David Clement Scott, amene anatsogolera ntchitoyo, sanaphunzirepo za mamangidwe, ndipo antchito ache, anthu a dziko lino, anali asanamangepo nyumba yotere. Anaumba njerwa za maonekedwe ambiri m'zikombole zamatabwa, naziocha pomwepo, nayesayesa kufikira makoma anaima. Chiri chiimire lero lino. Kodi dothi la ku Mchinji nlochepa mphamvu koposa la ku Blantyre?

Mau achiwiri ndiwo olemera, ndipo sitiwapeputsa. Ena ati osema a m'mudzi asakhudze chitseko kapena gome la Mgonero, pakuti manja omwewo anasemapo za kudambwe. Tidziwa kuti onena ichi anena chifukwa cha kuopa Mulungu. Koma taonani za pa chisumbu cha Likoma. Pamene a mishoni ya U.M.C.A. anayamba tchalitchi chachikulu cha Petro Woyera mu 1903, anachimanga pa malo ochedwa Chipyela, pamene kale anali kutenthapo anthu onenedwa ufiti. Nthaka imene inamva kulira kwa anthu aja isenza tsopano nyumba yomangidwa monga mtanda. Ngati Ambuye analandira nthaka yotere, adzakana bwanji manja a munthu wolapa ndi wobatizidwa, amene akhala nafe pa Mgonero?

Sitinena kuti tiimike mafano. Abale athu Akatolika ku Mua, kumene Bambo Claude Boucher anayambitsa KuNgoni mu 1976, amasema Yesu ndi nkhope yonga yathu. Ntchito yao njokoma ndithu, ngakhale ife pa za zifanizo tiyenda njira yina. Chimene tiphunzirako nchakuti sompho wa Mchewa akhoza kutumikira Kristu. Chitseko chathu chisemedwe bwino, ndi ngala za chimanga ndi mtanda pakati, kuti mwana wosadziwa kuwerenga akafunsa, mphunzitsi apeze poyambira.

Lachiwiri m'mamawa amuna adze ndi makasu ndi zikombole kudambo, amai ndi mitsuko. Aphunzitsi, lembani maina a osema a m'midzi mwanu, mubwere nao kwa akulu a mpingo Sabata likudzali. Ndipo popeza uvuni udzadya mitengo yambiri, banja liri lonse likonzeretu mbande zobzala mvula ikayamba.