Mmene Katswiri Amazindikiridwira Asanatchuke

 Nkhani yathu lero ndi ya masewera. Tikamba za munthu amene amakhala phee m'mphepete mwa bwalo, kabuku ndi cholembera zili m'manja, pamene anzake onse ali kukuwa ndi kuvina. Ntchito ya munthu ameneyu ndi kuyang'ana mnyamata kapena mtsikana amene akusewera lero, ndi kunena chimene adzakhale patapita zaka zisanu. Munthu wotere timtche wofufuza luso. Tiyamba ndi masewera a baseball a ku America, kumene ntchito imeneyi idakhazikika kalekale, ndipo kenaka tiona chimene boma la Karonga lingatolepo pa mpira wathu wa miyendo.

Masewera a baseball sadziwika kwenikweni kuno kwathu. Mbali iliyonse imakhala ndi osewera 9 m'bwalo. Wina amaponya kampira kolimba kokwana m'dzanja, wina wa mbali inayo amakamenya ndi chibonga, ndipo akakamenya amathamanga kuzungulira malo anayi adani ake asanabweze kampirako. Matimu aakulu a ku America amalemba ntchito anthu ambiri oti aziyenda m'masukulu ndi m'makoleji, ngakhalenso m'maiko ena monga Dominican Republic, Venezuela ndi Japan, kufunafuna anyamata aluso.

Anthu amenewa sakhutira ndi mawu oti "mwanayu amatha." Luso la wosewera adaligawa m'zigawo zisanu: kumenya kampira mosaphonya, kukamenya mwamphamvu kuti kapite kutali, liwiro, kuwakha, ndi mphamvu ya mkono poponya. Chigawo chilichonse amachipatsa malikisi kuyambira 20 mpaka 80. Malikisi 50 atanthauza kuti mnyamatayo akufanana ndi wosewera wamba wa mu ligi yaikulu, ndipo 80 amapatsidwa kwa anthu owerengeka okha. Liwiro amaliyesa ndi wotchi pa mtunda wa mayadi 60, ndiye kuti pafupifupi mamita 55.

Koma chofunika koposa, omvera, ndi ichi. Pa chigawo chilichonse wofufuza luso amalemba manambala awiri. Yoyamba ndi ya mmene mnyamatayo alili lero. Yachiwiri ndi ya mmene adzakhalire akakhwima. Akalemba 35 ndi 55, akunena kuti lero mwanayu ngoperewera, koma akaphunzitsidwa adzaposa wosewera wamba. Nambala yoyamba aliyense wa maso angaione. Yachiwiri ndiyo imafuna kudekha, ndipo ndi imene timu imalipirira ndalama.

Ngakhale zili choncho, nambala yachiwiriyi imasokoneza ngakhale akatswiri. M'chaka cha 1980 timu ya New York Mets idasankha mnyamata wina dzina lake Billy Beane m'gulu loyamba la osankhidwa. Adali wamtali, waliwiro ndi wamphamvu, ndipo ofufuza luso adamuona ngati katswiri wa mawa. Koma m'ligi yaikulu sadaphule kanthu kwenikweni, ndipo m'chaka cha 1990 adasiya kusewera nayamba iyenso ntchito yofufuza luso. Atakhala mkulu woyendetsa timu ya Oakland Athletics m'chaka cha 1997, adadalira kwambiri zolembedwa za mmene wosewera wakhala akuchitira pa masewera ambiri, pozindikira kuti maonekedwe a thupi amanyenga. Mbali ina, m'chaka cha 1988 timu ya Los Angeles Dodgers idasankha Mike Piazza pamene anyamata ena 1,389 adali atasankhidwa kale. Mnyamata wonyozekayo adakhala mmodzi wa osewera otchuka koposa, ndipo m'chaka cha 2016 dzina lake lidalowa m'nyumba yolemekezera akatswiri a baseball. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Palinso mwana wa mu Africa amene adadutsa m'njira imeneyi. Gift Ngoepe wa ku South Africa adakulira m'kachipinda ka pa bwalo la timu ya Randburg Mets, kumene mayi ake ankagwira ntchito. Timu ya Pittsburgh Pirates idamtenga m'chaka cha 2008, koma idamsunga m'matimu ake ang'onoang'ono zaka zoposa 8. Adasewera koyamba m'ligi yaikulu pa 26 April 2017, nakhala munthu woyamba wobadwira mu Africa kufika pamenepo. Zaka zonsezo zidali zodikira kuti nambala yachiwiri ija ikwanire.

Tsopano tibwere kwathu. Tilibe baseball, koma tili ndi mpira wa miyendo, ndipo funso ndi lomwelo: ndani amaona mwana asanatchuke? Tiyeni titenge boma la Karonga. Kuchokera ku Chilumba kudzera ku Nyungwe, Lupembe ndi Kaporo mpaka ku Songwe kumalire a Tanzania, palibe sukulu imene ilibe bwalo, ndipo palibe mudzi umene ana sakankha mpira wachikulunga madzulo dzuwa likapepa. Mpunga ukakololedwa, mipikisano ya m'madera imachuluka, ndipo anthu amadzaza m'mabwalo. Luso lilipo. Chimene chakhala chikusowa ndi maso oliona pa nthawi yake. Matimu akuluakulu monga Bullets ndi Wanderers ali ku Blantyre, mtunda woposa makilomita 800 kuchokera ku Karonga, ndipo Silver Strikers ili ku Lilongwe. Mnyamata wa ku Iponga angathe kumwetsa zigoli zaka zisanu popanda munthu wa timu yaikulu kumuona ngakhale kamodzi.

Zinthu zidasinthako bwalo la Karonga Stadium litamangidwa. Timu ya Karonga United yakhala ikusewera mu Super League, ndipo m'chaka cha 2024 Baka City, ya m'boma lomweli, idaseweranso m'ligi imeneyi. Chotero matimu a ku Blantyre ndi ku Lilongwe amafika okha ku Karonga. Koma alendo amenewa amabwera kudzasewera, ndipo mawa lake amakwera basi kubwerera. Amaona anyamata 11 amene adasankhidwa kale. Mwana wa zaka 13 wa kusukulu ya kumudzi sali pa bwalo limenelo.

Kuti tione kukula kwa chimene tingataye, tiyang'ane boma loyandikana nalo la Rumphi. Gabadinho Mhango ngwa ku Chiweta, pafupi ndi malire a Karonga. Si wamtali thupi, ndipo munthu woyesa osewera ndi msinkhu akadamdutsa. Komatu iyeyu adapita ku South Africa m'chaka cha 2013, ndipo m'nyengo ya 2019 mpaka 2020, ali ku Orlando Pirates, adamwetsa zigoli 16, natsogola pamodzi ndi Peter Shalulile wa ku Namibia. Pa 25 January 2022 ndiye adamwetsa chigoli chija cha patali pamene Malaŵi idakumana ndi Morocco ku Cameroon. Tabitha Chawinga, wa m'boma lomwelo, adayamba mpira posewera ndi anyamata, adapita ku DD Sunshine ku Lilongwe, ndipo m'chaka cha 2014 adapita ku Sweden. M'nyengo ya 2022 mpaka 2023 adamwetsa zigoli 23 ku Inter Milan, kuposa wina aliyense m'ligi ya amayi ya ku Italy. Mng'ono wake Temwa adamwetsa zigoli 20 ku Kansas City Current m'chaka cha 2024, nasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse m'ligi ya ku America. Ana amenewa adachokera kumudzi, ndipo wina adawaona ali aang'ono. Kodi a ku Karonga onga iwo ndi angati amene adakalamba osaonedwa?

Wofufuza luso woyamba wa mwana wa kumudzi ndi mphunzitsi wa masewera pa sukulu yake. Inu aphunzitsi, simusowa zipangizo zamtengo wapatali. Kope limodzi ndi wotchi nzokwanira. Gawani tsamba m'zigawo zisanu monga amachitira a baseball, koma molingana ndi mpira wathu. Choyamba, liwiro: muyeseni pa mtunda womwewo kumayambiriro ndi kumapeto kwa chaka. Chachiwiri, kulandira ndi kupereka mpira, ndipo muone ngati mwendo wake wofooka ukugwiranso ntchito. Chachitatu, kuona bwalo: kodi amatukula mutu ndi kuyang'ana anzake mpira usanamfike? Chachinayi, kupirira, makamaka m'chigawo chachiwiri pa dzuwa la ku Karonga la mwezi wa October. Chachisanu, khalidwe: akalandidwa mpira amabwerera kukauthamangira kapena amaima ndi kuloza anzake chala? Mukamlangiza lero, kodi sabata yamawa mumaona kusintha? Pa chigawo chilichonse lembani manambala awiri, ya lero ndi ya mawa. Musaweruze mwana pa masewera amodzi. Muoneni kangapo, pa bwalo la kwao ndi la kwa eni, timu ikupambana ndiponso ikugonja.

Chenjerani ndi thupi lalikulu. M'masukulu athu a pulaimale, kalasi imodzi imakhala ndi ana osiyana zaka zitatu kapena zinayi, chifukwa ena adayamba mochedwa ndipo ena adabwereza. Mnyamata wa zaka 16 amakankha wa zaka 13 mosavuta, ndipo oonerera amamuombera m'manja. Koma wamkuluyo mwina wafika kale pamapeto pa kukula kwake, pamene wamng'onoyo, amene wakakamizika kuphunzira kuzemba ndi kuganiza msanga, akali ndi zaka zoti akule. Mukasankha wamkulu yekhayo mudzapambana chikho cha chaka chino, koma mwina mwasiya katswiri pansi pa mtengo wa mango.

Apa ndi pamene pakuonekera kuipa kwa mchitidwe wochepetsa zaka. Nambala ya mawa imadalira zaka zenizeni za mwana. Wosewera wa zaka 21 akalembedwa kuti ali ndi 16, timu imayembekeza kuti adzakulabe, ndipo ikaona kuti waima pomwepo imamtaya. Pamenepo n'kuti atalanda kale malo a mwana woyenera. Kuyambira m'chaka cha 2009 bungwe la FIFA lakhala likujambula mafupa a padzanja ndi makina a MRI pa mipikisano ya osapitirira zaka 17, chotero bodza limene lidayambira pa bwalo la sukulu limakaululika pamaso pa dziko lonse. Inu makolo, sungani bwino khadi la kusikelo ndi chiphaso cha kubadwa cha mwana wanu. Inu aphunzitsi, lembani tsiku lobadwa loona pamwamba pa tsamba la mwana aliyense.

Kulemba kuli ndi phindu linanso limene matimu ambiri a kumudzi salidziwa. Malamulo a FIFA amanena kuti wosewera akagulitsidwa kuchoka ku timu ya dziko lina kupita ku ya dziko linanso, magawo 5 pa 100 aliwonse a ndalamazo agawidwe kwa matimu amene adamlera kuyambira ali ndi zaka 12 mpaka 23. Koma ndalama zimenezi zimatsata zolembedwa. Timu ya ku Ngerenge kapena ku Hara imene idalera mwana zaka zinayi osamlembetsa ku bungwe la FAM ilibe umboni wokatengera gawo lake.

Mawu otsiriza apite kwa makolo, makamaka inu okhala kufupi ndi malire. Mwana akayamba kutchuka, amabwera anthu a pakamwa pozuna olonjeza kumtengera ku matimu a kunja, koma nafuna kuti muyambe mwagulitsa ng'ombe kapena matumba a mpunga kuti mulipire ulendo. Dziwani kuti malamulo a FIFA saloleza mwana wosakwana zaka 18 kusamukira ku timu ya dziko lina, kupatula pa zifukwa zochepa, monga pamene makolo ake asamukira kumeneko pa nkhani zosakhudza mpira. Timu imene ikufunadi mwana wanu imadzera ku timu yake ndi ku FAM, imaonetsa makalata, ndipo ulendo imalipira yokha. Ndiponso mwanayo asasiye sukulu. Taona kale kuti ngakhale ku America, kumene kuli ndalama ndi zipangizo zonse, ambiri mwa osankhidwa safika m'ligi yaikulu. Bondo likathyoka, satifiketi imatsala.

Chotero omvera, mukapita kukaonerera mpira wa ana Loweruka likudzali, kaya ndi ku Wovwe kaya kwina kulikonse m'dziko muno, musangoyang'ana womwetsa zigoli. Yang'ananinso kamwana kaja kamene kamapereka mpira pamalo oyenera, nimufunse zaka zake. Mukatero muuzeko mphunzitsi wake kuti alembe m'kope.