Mlatho Amamanga M'chilimwe



A komiti anandipempha kuti ndiyankhulepo za kukula mu uzimu ndi kukonzekera ntchito imene Mulungu amaitanira munthu. Ine sindine mbusa kapena wansembe. Ndine wantchito wa m'boma, ndipo tsiku langa limathera pa mafayilo ndi misonkhano. Motero mau angawa muwalandire ngati a mkhristu mnzanu amene akuyenda nanu njira imodzi. Mfundo imene ndabwera nayo ndi imodzi yokha. Tsiku limene Mulungu amafuna munthu pa ntchito yaikulu limafika losaodira, ndipo chimene chimaoneka pa tsikulo ndi chimene munthuyo anakhala akumanga mwakachetechete pa zaka zimene panalibe womuyang'ana.

Tiyambire pa mtsinje wathu wa Rivirivi. Umachokera ku mapiri a ku Ntcheu, n'kudutsa m'boma lino la Balaka cha ku Utale, mpaka kukathira mu Shire. Mukaupeza mu Okutobala madzi amakhala ataphwa kwambiri, ana akusewera pamchenga, ndipo mlendo akhoza kuupeputsa. Koma mu Januwale 2003 kutagwa mvula yamphamvu, mtsinje womwewu unadzaza n'kugumula mlatho wa njanji. Sitima zopita ku Salima ndi ku Lilongwe zinaleka kuyenda, katundu yense n'kubwerera pamsewu, mpaka mlatho unadzatsegulidwanso m'chaka cha 2005. Pa tsiku limene madzi anafika panalibe mmisiri amene akanalowa m'mtsinje kuti akalimbitse mizati. Maziko a mlatho amakumbidwa m'chilimwe, nthawi imene mtsinje ukuoneka wofatsa, ndipo odutsa amadabwa kuti simenti yonseyi ndi yanji pa timadzi totere. Moyo wa uzimu ulinso choncho. Pemphero, kuwerenga Mau a Mulungu, kudziletsa ndi kunena zoona zimaphunziridwa masiku abata, chifukwa mayeso akafika nthawi yophunzira imakhala itatha.

Ambiri tikamva mau oti maitanidwe timaganiza za kolala ya abusa kapena mkanjo wa ansembe ndi asisitere. Amenewo ndi maitanidwe ndithu, ndipo timawalemekeza. Koma m'Baibulo muli anthu ambiri amene Mulungu anawaitanira ku ntchito ya boma. Yosefe, Danieli ndi Nehemiya onse ankagwira ntchito kwa mafumu. Buku la Genesis limatiuza kuti Yosefe anali ndi zaka 17 pamene nkhani yake ndi abale ake inayamba, ndipo anali ndi zaka 30 pamene anaimirira pamaso pa Farao. Zaka 13 za pakatipo zinathera mu ukapolo m'nyumba ya Potifara ndiponso m'ndende. Taonani ntchito imene ankagwira m'malo awiriwo. Kwa Potifara ankasunga katundu wa mwini wake. M'ndende ankayang'anira akaidi anzake. Nthawi itakwana yoti dziko la Ejipito lipeze munthu wosunga chakudya cha zaka 7 za dzinthu kuti anthu adzapulumuke m'zaka 7 za njala, panapezeka munthu amene anali atazolowera kale kugwira makiyi a nkhokwe ya wina osatapamo. Ndipo mayeso ake aakulu, a mkazi wa Potifara aja, anamupeza tsiku limene m'nyumba munalibe wantchito wina aliyense.

Tisapite kutali, chifukwa kwathu konkuno kuli chitsanzo. Ku Ntcheu kumene kumachokera mtsinje wathu kunagwira ntchito bambo wina dzina lake Harry Kambwiri Matecheta. Iyeyu anali Myao wochokera cha ku Nguludi, ndipo anabatizidwa ku Blantyre Mission m'chaka cha 1889. Mbusa David Clement Scott, amene ankakhulupirira kuti mpingo wa m'dziko muno uyenera kutsogoleredwa ndi eni dziko, anamusankha kukhala mmodzi mwa madikoni 7 oyamba. Matecheta anatumidwa ku Nthumbi, pakati pa Angoni a Gomani, anthu amene anali atathira nkhondo madera a kwawo m'chaka cha 1884. Kumeneko anaphunzitsa ana ndi kulalikira m'nyengo yovuta, pakuti m'chaka cha 1896 asilikali a boma la atsamunda anathira nkhondo Angoniwo n'kupha Inkosi Gomani yoyamba. Scott atachoka m'chaka cha 1898, maganizo ake opereka udindo kwa anthu akuda anazirala, chifukwa azungu ena ankakayika ngati munthu wakuda angathe ubusa. Matecheta anadzadzozedwa ubusa m'chaka cha 1911, pamodzi ndi Stephen Kundecha, ndipo awiriwa ndiwo anali abusa oyamba achikuda a Blantyre Mission. Kuchokera pa ubatizo kufika pa kudzozedwa panapita zaka 22.

Pano tinene chilungamo. Kuchedwa konseko sitingakuike pa Mulungu ayi. Mbali ina kunali kukondera kwa anthu, ndipo kukondera ndi tchimo ngakhale kutachitikira m'tchalitchi. Koma Matecheta sanakhale pansi n'kumadandaula kuti andiiwala. Anapitiriza kuphunzitsa, kuyenda m'midzi ndi kudziwana ndi anthu, kotero kuti tsiku lomuika manja litafika, anthu anali atamudziwa kale kuti ndi mbusa wawo. Anatumikira mpaka ukalamba, n'kumwalira m'chaka cha 1962. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma kudekha kwa Matecheta kunali kwa munthu amene khasu lili m'manja. Ndikudziwa kuti muno alimo amene akhala pa giredi imodzi zaka 10, anzawo obwera m'mbuyo akuwadumpha. Dandaulo lanu likhoza kukhala loona, ndipo muli ndi ufulu wolipereka m'njira yake. Funso limene ndikusiyirani ndi lakuti, kodi zaka zodikirazi zikukupangani kukhala munthu wotani?

Chitsanzo china chinachitikira pa Balaka pompano, nthawi imene dera lino linali mbali ya boma la Machinga, pakuti Balaka inadzakhala boma palokha m'chaka cha 1998. Lamulungu loyamba la Lenti, pa 8 Malichi 1992, m'matchalitchi a Katolika m'dziko lonse munawerengedwa kalata ya maepiskopi yotchedwa Living Our Faith. Kalatayo inanena poyera za malipiro ochepa a anthu osauka, za mavuto a m'sukulu ndi m'zipatala, za kumanga anthu popanda kuwazenga mlandu, ndiponso za mantha amene anatseka anthu pakamwa. Inasindikizidwa mwachinsinsi pa makina a ansembe a Montfort ku Balaka, m'Chichewa, m'Chitumbuka ndi m'Chingerezi. Boma linalengeza kuti kalatayo ndi youkira, maepiskopi anaitanidwa ku polisi, Monsignor John Roche wa ku Mzuzu anathamangitsidwa m'dziko muno, ndipo anthu okwiya ndi kalatayo anakayatsa moto pa malo osindikizirawo. Zotsatira zake tikuzidziwa tonse: riferendamu ya pa 14 Juni 1993 ndi chisankho cha zipani zambiri cha pa 17 Meyi 1994.

Mbiri imakumbukira Arkiepiskopi James Chiona ndi anzake amene anasaina kalatayo, ndipo n'koyenera kutero. Koma ine ndimaganizanso za anthu amene maina awo sitiwamva: amene anayendetsa makina, amene anapinda mapepala ndi kumanga mitokoma, amene anainyamula kukafikitsa m'maparishi, ndi amene anaimirira kutsogolo kwa mpingo n'kuwerenga mokweza, akudziwa kuti pa mabenchi pakhoza kukhala wokanena. Mmodzi yekha akanatayirira pakamwa, kalatayo ikanagwidwa isanafike kwa anthu. Anthu amenewa sanapite ku kosi ya kulimba mtima sabata imeneyo. Anali atazolowera kale kugwira ntchito yawo bwino, kusunga chinsinsi ndi kuopa Mulungu koposa munthu. Madzi atadzaza, mizati yawo inapezeka kuti inazikika.

Tsono munthu amakula bwanji mu uzimu pamene ali pa ntchito wamba? Nditchulepo zinthu zinayi zimene ndaziona mwa akhristu okhwima amene ndagwira nawo ntchito.

Choyamba, amakhala ndi nthawi yawoyawo ndi Mulungu tsiku lililonse, ngakhale ikhale ya mphindi 15 m'mamawa ana asanadzuke. Nehemiya atamva za kugumuka kwa linga la Yerusalemu anakhala miyezi pafupifupi 4 akupemphera asanayankhule ndi mfumu, koma lingalo linamangidwa m'masiku 52 okha. Kupemphera kunatenga nthawi yaitali kuposa kumanga.

Chachiwiri, amakhulupirika pa zazing'ono. M'maofesi mwathu mayeso sabwera ndi nyanga. Amabwera ngati alawansi ya msonkhano umene simunapiteko, mafuta a galimoto ya boma opita ku munda wanu, kapena fayilo ya penshoni ya mayi wamasiye imene yagona m'dirowa miyezi itatu podikira kuti mwini wake abwere ndi kangachepe. Tonse tikukumbukira nkhani ya Cashgate ya m'chaka cha 2013, pamene mabiliyoni a makwacha anatuluka m'thumba la boma kulipira katundu amene sanaperekedwe, zipatala zikusowa mankhwala. Amene anasaina mapepalawo anali anthu ophunzira ngati ife. Munthu safika pa mabiliyoni tsiku limodzi. Amayamba ndi kusaina pamene sanayenera kusaina, mtima n'kumugunda, kenaka mawa lake osamugundanso.

Chachitatu, amaidziwa ntchito yawo. Kupemphera sikulowa m'malo mwa luso. Namwino wachikhristu amene sadziwa muyezo wa mankhwala apha wodwala ngakhale atayamba ndi nyimbo ya chitsitsimutso. Akauntanti amene sadziwa malamulo a kagulidwe ka katundu wa boma adzasainitsidwa zinthu zoipa osadziwa. Ngati Mulungu anakuikani pa desiki, kuwerenga malamulo a ntchito yanu ndi mbali ya kumutumikira.

Chachinayi, amalola kudzudzulidwa. Munthu sadziona yekha kumsana. Aliyense wa ife afunika kukhala ndi mkhristu mnzake, kaya ndi wa ku mphakati, ku mlaga kapena ku chigwirizano, amene angamufunse kuti, “Achimwene, nyumba mukumangayi ikugwirizana ndi malipiro anu?” ndipo ubale osatha. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo amene amakukondani ndi amene amalimba mtima kuung'amba mkuyuwo kuti muone.

Kwa inu ana athu a Fomu 4, chilimwe chanu ndi chino. Mwina mukuona ngati moyo weniweni udzayamba mukadzapita ku yunivesite kapena mukadzalembedwa ntchito. Moyo unayamba kale. Amene akubera mayeso lero akuphunzira kudzabera boma mawa, ndipo amene akukana pepala lobedwa la mayeso a MSCE, anzake akumuseka, akukumba maziko amene adzamugwire ali ndi zaka 40. Si nonse mudzasankhidwe kupita ku koleji, koma palibe mmodzi mwa inu amene Mulungu alibe naye ntchito. Kuongola mtengo m'poyamba.

Kwa anzanga amene imvi zayamba kutuluka, mwina mukuti nthawi yathu inapita. Mose anaitanidwa pa chitsamba choyaka moto atatha zaka 40 akuweta nkhosa za apongozi ake ku Midiyani, ndipo chipululu chimene ankawetamo nkhosacho ndi chomwe anadzatsogoleramo anthu. Mwina ntchito imene Mulungu wakhala akukukonzerani ndi yoti mudzakane kusaina pepala limodzi, mudzateteze wantchito wamng'ono amene akumunamizira, kapena mudzalere mwana wa malemu mchemwali wanu mpaka atamaliza sukulu. Zoterezi sizilembedwa m'nyuzipepala, koma Mulungu amaziona.

Pomaliza, a Wapampando, ndili ndi pempho ku bungwe lathu. Timasonkha ndalama za madesiki ndi utoto, ndipo tipitirize kutero. Koma ndikupempha kuti aliyense wa ife atenge mwana mmodzi wa Fomu 3 kapena Fomu 4, kudzera kwa a mphunzitsi wamkulu ndi makolo ake, azimufunsa za maphunziro, azimuuza zoona za ntchito imene akuifuna, ndipo azimupempherera pomutchula dzina. Teremu iliyonse tizidzauzana kuti ana athuwo akuyenda bwanji. Mutu umodzi susenza denga, ndipo enafe tili pano lero chifukwa mphunzitsi wina kapena mkulu wa mpingo anataya nthawi yake pa ife pamene tinalibe chomubwezera.

Mulungu amene anayamba ntchito yake mwa ife atipatse kudekha ndi khama kuti tsiku lotifuna likadzafika adzatipeze okonzeka. Adalitse sukulu yathu, aphunzitsi ake ndi mabanja athu onse.