Masiku a sabata m'Chisebiya: tiwerenge Mwachichewa

Lero tikambirane za masiku a sabata m'Chisebiya, chinenero cha ku Serbia, makamaka pothandiza achinyamata ofuna kukaphunzira ku Belgrade.

Anzathuwa amawerenga masiku ngati ife, kuyambira Lolemba, lomwe amati ponedeljak. Utorak ndi Lachiwiri. Sreda, kutanthauza pakati, ndi Lachitatu. Četvrtak likuchokera ku četiri, 4, ndiye Lachinayi. Petak likuchokera ku pet, 5, ndiye Lachisanu. Apa ndiye samalani! Chipwitikizi chimayambira kuwerenga pa Lamulungu, n'chifukwa chake quinta-feira ndi Lachinayi. Mukamva petak inu n'kuganiza quinta, mukafika pa mayeso tsiku lisanakwane.

Subota, Loweruka, ndi mawu obwereka ochokera ku Chiheberi, m'bale wake wa sábado ndi sabata yathu ija. Nedelja ndi Lamulungu, tsiku losagwira ntchito, komanso limatanthauza sabata yonse, monga timanenera kuti "mulungu wamawa".

Mawu ena anabwereka kwa anthu a ku Turkey, amene analamulira dzikolo zaka mazanamazana: čaj ndi tiyi, kašika ndi supuni, jastuk ndi pilo.

Kayeserereni kunyumba.