Bokosi la Sipika ya M'galimoto: Chimagwira ndi Guluu, Msomali Wokha Sukwanira

Ndapatsidwa nthawi yochepa kuti ndiyankhulepo za ntchito ya manja anga. Ambiri kuno ku Fingoé mumandidziwa ndi zitseko, mipando ndi mafelemu a mawindo. Koma masiku ano anyamata a magalimoto akumabwera kudzati, "Bambo, tikhomereni bokosi la sipika ya besi." Ndiye lero ndikufuna ndikuuzeni mmene matabwa a bokosi limeneli amalumikizidwira, chifukwa ine ndinaphunzira movutikira.

Zaka zingapo zapitazo kunabwera dalaivala wina wa chapa, wa ulendo wa ku Tete. Anabweretsa sipika yaikulu ya mainchesi 12 imene anagula mumzinda. Ine ndinatenga matabwa a mbawa amene anali asanaume bwino, n'kuwakhoma ndi misomali monga ndimakhomera bokosi la zovala, n'kukutira ndi nsalu yakuda. Titaiyesa pamalo anga a ntchito inagunda bwino ndithu, ana mpaka anavina. Patatha masabata atatu munthu uja anabwerera nkhope ili gwaa. Thabwa lakumbuyo linali litatseguka moti chala chimalowa, mitu ya misomali itatuluka, ndipo pepala la sipika litang'ambika. Choipa kwambiri, pamsewu wochokera ku Bene anaponda mabuleki mwadzidzidzi kupewa mbuzi, bokosi lija n'kutsetsereka kuchoka pansi pa mpando, kukamenya mayi wina pamwendo. Mayiyo anatsimphina masiku angapo. Ndinapanga bokosi lina ulere, n'kuperekanso gawo la ndalama ya sipika, ndalama imene ndinasungira feteleza. Kunyumba amayi a ana anga sanandiyankhule bwino sabata yonse.

Tsono chinalakwika n'chiyani? Tiyambe ndi ntchito ya bokosilo. Sipika ya besi imakankha mpweya. Pepala lake limapita kutsogolo n'kubwerera kambirimbiri, mwina ka 40 kapena ka 80 pa sekondi imodzi. Likamabwerera m'kati limapanikiza mpweya wa m'bokosi, ndipo mpweyawo umakankha makoma onse asanu ndi limodzi. M'chaka cha 1954 munthu wina wa ku America, Edgar Villchur, anaonetsa kuti mpweya wotsekeredwa m'bokosi laling'ono umagwira ntchito ngati sipuling'i, umabweza pepala la sipika pamalo pake. Ndiye mukaona bokosi lotsekedwa latulutsa mpweya pamng'alu, dziwani kuti sipuling'i ija yatha mphamvu. Mawu amasanduka phwephwe, pepala limayenda mopitirira, mapeto ake kung'ambika. Ndi zimene zinachitika kwa dalaivala uja.

Msomali ndi wosalala. Umagwira chifukwa thabwa laufinya basi. Mukaugwedeza tsiku ndi tsiku, besi m'kati, mabampu a msewu kunja, umatuluka pang'onopang'ono ngati chichiri cha mbuzi panthaka yonyowa. Onjezaninso kutentha kwathu kuno mwezi wa Okutobala ndi Novembala: thabwa losauma limafota, msomali n'kutsala uli khwekhwe. Sindikunyoza msomali ayi, pa denga ndi pa khola ndi mfumu. Koma pa bokosi la sipika ntchito yake ndi yongogwirizira.

Chimene chimagwira bokosi ndi guluu woyera wa matabwa, amene m'masitolo a ku Tete mumapeza ndi dzina la cola branca. Guluu ameneyu akalowa m'matabwa awiri odulidwa mowongoka n'kuuma, nthawi zambiri thabwa ndi limene limayamba kuthyoka, polumikizirapo pali chigwirire. Komanso amatseka njira ya mpweya kuyambira kona iyi mpaka kona iyo. Pakani mbali zonse ziwiri, mwaze ndi chala, ndipo mukapanikiza muone guluu akutuluka pang'ono mzere wonse. Pamene sanatuluke ndiye kuti sanafikepo. Koma dziwani kuti guluuyu sadzaza mpata waukulu. Ngati sowo yanu inakhota, yambani mwawongola ndi puleni.

Nanga masikuluwu, aja timati parafuso? Iwowa ndi manja ogwira matabwa mpaka guluu aume, ndipo pambuyo pake amathandiza kuti makoma asagwedezeke. Ali ndi mazinga, n'chifukwa chake satuluka ngati msomali. Pa thabwa lokhuthala mamilimita 18 ine ndimagwiritsa ntchito a mamilimita 40 kapena 50, motalikirana masentimita 10 mpaka 15, ndipo loyamba ndimaliika masentimita 5 kuchokera pakona. Chonde anyamata, yambani mwaboola kabowo kakang'ono musanalowetse sikuluwu. Mukalikakamiza popanda kabowo, thabwa limang'aluka m'mphepete, ndiye mwadzipangira nokha mng'alu wotulukira mpweya. Boolaninso pang'ono pamwamba kuti mutu wake ubisale. Musamange mopitirira muyeso. Likangoyamba kuzungulira lokha ndiye kuti mazinga adya thabwa, palibenso chimene likugwira.

Tsopano za thabwa lenilenilo, chifukwa kamangidwe kamatsatira mtundu wa thabwa. Amene amapanga mabokosi amenewa m'mizinda amakonda MDF, thabwa lopangidwa ndi tizidutswa ta mtengo tosalala ngati ufa ndi guluu. Ndi lolemera ndipo silichita phokoso lakelake. Koma lili ndi matenda awiri: m'mphepete limang'aluka msanga ndi sikuluwu, ndipo likanyowa limatupa ngati buledi. Galimoto yodontha nthawi ya dzinja, MDF yosapaka penti sikhalitsa. Pulayiwudi wokhuthala ndi wopepukirapo ndipo amagwira sikuluwu bwino. Mlombwa ndi mbawa, mitengo yathu yomwe ino, ndi yokongola, koma thabwa lake limafufuma ndi chinyezi n'kufota ndi dzuwa. Ngati mulibe china, sankhani louma bwinobwino, lomwe lakhala pamthunzi miyezi yambiri.

Chinsinsi china chili m'kati. M'makona onse ndimamata timitengo ta masentimita 2 mbali zonse, ndi guluu ndi masikuluwu aafupi. Timeneti timakulitsa malo amene guluu akugwira. Ngati bokosi ndi lalikulu, ndimaikanso mtanda pakati wolumikiza makoma awiri oyang'anizana. Gogodani khoma ndi chala: likamalira ngati ng'oma ndiye kuti likufuna mtanda, likamangoti du ndiye kuti lakhwima. Mukamayeza kukula, yezani m'kati. Bokosi la masentimita 40 m'litali, 35 msinkhu ndi 25 kuya limasunga malita 35 a mpweya, ndipo masipika ambiri a mainchesi 12 a m'galimoto amafuna malo oyandikira pamenepo. Koma werengani kapepala kamene kamabwera ndi sipika, chifukwa iliyonse ili ndi muyeso wake.

Mukamaliza kumanga, lisiyeni tsiku lathunthu. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mwini wake adzakukakamizani kuti akufuna kunyamuka nalo madzulo omwewo, inu kanani. Kenako pakani silikoni m'mizere yonse ya m'kati ndi pabowo lotulukira mawaya. Ngati silikoniyo akununkha ngati viniga, dikirani fungo lithe, tsiku limodzi kapena awiri, musanaike sipika, chifukwa mpweya wakewo umadya zitsulo zina. Opanda silikoni, sakanizani guluu ndi utuchi wosefa, mumate ngati mukuzira nyumba.

Sipika yokhayo musaimate ndi guluu, tsiku lina mudzafuna kuichotsa. Imangeni ndi masikuluwu m'mabowo ake onse, kapena ndi mabawuti aang'ono okhala ndi nati kumbuyo ngati mwawapeza. Pakati pa sipika ndi thabwa ikani kamphira kopyapyala, ngakhale kodula ku chubu cha njinga. Mangani modumphitsa, ili kenako loyang'anizana nalo, monga mmene timamangira tayala la galimoto. Ndipo dzanja lina litchinge pepala, sikuludiraiva ikaterereka kamodzi kokha ndalama zapita. Poyesa, kankhani pepala pang'onopang'ono ndi zala zonse: likamalimba n'kumabwerera modekha, bokosi latsekeka. Kapena yatsani nyimbo, muyendetse nthenga ya nkhuku m'mizere. Pamene ikuvina, pali mpata.

Chomaliza ndi chimene chimandiwawabe mumtima, mwendo wa mayi uja. Bokosi lotere pamodzi ndi maginito ake limatha kulemera makilogalamu 20. Galimoto ikaima mwadzidzidzi, bokosi losamangirira limapitirira ulendo. Limangeni ku thupi la galimoto ndi tizitsulo topinda ndi mabawuti, kapena ndi lamba wolimba pazitsulo za mpando. Musanaboole pansi pa galimoto, suzumirani kaye kunsi, pali thanki ya mafuta, mapaipi a mabuleki ndi mawaya. Ine masiku ano bokosi silichoka pamalo anga ndisanaone pamene likamangiriridwe.

A wapampando, bokosi la sipika ya kalabu yathu, lija timanyamula panjinga popita kukamvera mapulogalamu m'midzi, nalonso layamba kulira phwephwe. Ndaliona, ndi la misomali. Ngati mamembala angasonkhe ya guluu ndi masikuluwu, Loweruka likubwerali ndidzalikonza ulere, ndipo achinyamata amene mukufuna kuphunzira mubwere ndi manja anu.