CINYEZI PA MAZIRA: MAU KWA OWETA NKHUKU A KWA LUEMBE

Oweta ambiri a m'dziko la Mfumu Luembe amadandaula kuti m'miyezi ya September ndi October thadzi lifungatira mazira khumi, koma anapiye oturuka ndi owerengeka. Ena aneneza tambala. Koma poswa mazira otsalawo apeza anapiye okula bwino, atafa comatirira ku kakhungu ka m'kati. Cimene ciwapha ndico kuuma.

Cigoba ca dzira ciri ndi timabowo tosaoneka ndi maso, ndipo madzi a m'kati aturukira m'menemo pang'ono pang'ono. Pofika tsiku la 18 dzira liyenera kutaya gawo limodzi mwa magawo 8 a kulemera kwace. Potero kumbali yaikuru kutsala mpata wa mpweya, momwe mwanapiye ayamba kupuma asanaboole cigoba pa tsiku la 21. M'cigwa ca Luangwa kutentha kwa cilimwe kucotsa madziwo msanga. Kakhungu kalimba, ndipo mwanapiye alephera kukang'amba. M'dzinja cinyezi cikapambana, mpata ucepa ndipo mwanapiye atsamwa.

Cifukwa cace pa cilimwe mlimi akonze cisa pansi, pamthunzi. Ayale dothi lonyowa pang'ono, ndi udzu wouma pamwamba pace. Masiku atatu otsiriza, thadzi likapita kukadya, awaze madzi ofunda pa dothi lozungulira cisa. Mazira asawatsuke, pakuti madzi acotsa cophimba cimene citsekereza tizirombo ta matenda. M'dzinja cisa cikwezedwe, ndipo denga lisadonthe.

Usiku wa tsiku la 7, la 14 ndi la 18 aunike dzira ndi toci. Mpata ukakula msanga, aonjeze cinyezi. Ukapanda kukula, acepetse.

Iye amene ali ndi makina ofungatira mazira asunge kutentha pa madigiri 37.5, ndi cinyezi pa 50 kufikira 55 mwa 100. Kuyambira tsiku la 18 aleke kutembenuza mazira, aonjeze mbale ya madzi kuti cinyezi cifike pa 65 kapena 70, ndipo asatsegule citseko kufikira anapiye atauma.

Mazira a nkhanga atenga masiku 26 kufikira 28, ndi a abakha ofiira kumaso masiku 35. Masiku owaza madzi awerengedwe monga mwa mtundu wace. Ofuna kudziwa zambiri afunse alangizi a zaulimi ku Nyimba kapena ku Petauke.